Mwana Wanga Ali M'chitokosi: Kodi Malamulo Akuti Chiyani?

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 23 anamangidwa Lolemba pomuganizira kuti anaba mbuzi. Lero ndi Lachisanu koma sanapite naye kukhoti, ndipo wina wandiuza kuti ndipereke ndalama kuti amutulutse pa belo. Nditani? Mayi wodandaula.

YANKHO: Pepani mayi, koma dziwani kuti malamulo ali kumbali yanu. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino a 1994 limati womangidwa aziperekedwa kukhoti pasanathe maola 48. Nthawiyi ikathera pa tsiku limene khoti silikugwira ntchito, apite tsiku loyamba lotsatira limene khoti latsegula. Zikalephereka, ayenera kumasulidwa. Mwana wanuyo masiku ake apyola kale.

Gawo lomwelo limamupatsa ufulu wouzidwa chimene wamangidwira, wokhala chete akamafunsidwa, komanso wolankhula ndi loya mwachinsinsi. Palibe amene angamukakamize kuvomera mlandu, ndipo ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wofuna ndalamayo akufuna ziphuphu, musamupatse.

Pitani lero lino mukaonane ndi mkulu wa polisi ya kumene akusunga mwana wanuyo. Tengani chiphaso chanu cha unzika ndi munthu wodalirika woti aikire mwanayo kumbuyo, ndipo lembani papepala tsiku ndi ola limene anamangidwa. Akakukanizani, pitani ku Legal Aid Bureau, yomwe imathandiza anthu osatha kulipira loya, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Musaope kufunsa: ufuluwu ndi wa munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe.