Kumanga Tsamba Lolandirirapo Alendo pa Intaneti

Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya kamangidwe ka tsamba la pa intaneti, ndipo ngakhale ndidziwa kuti alipo ena amene, pakumva mawu amenewa, atambasula kale dzanja kuti apotoze wailesi poyesa kuti izi n'za achinyamata a m'makoleji okha, ndiwapempha kuti adekhe pang'ono, pakuti munthu aliyense wodziwa kutayipa kalata pa kompyuta ali nazo kale nzeru zokwanira ntchito ya lero.

M'chaka cha 1989 Mngelezi wina dzina lake Tim Berners-Lee, amene ankagwira ntchito ku CERN, malo ofufuzirako za sayansi kufupi ndi mzinda wa Geneva, analemba maganizo ake a momwe zolemba za m'makompyuta otalikirana zingalozeranirane, kotero kuti wowerenga tsamba limodzi athe kudumphira pa lina. Ndipo mu 1991 tsamba loyamba linatsegulidwira anthu akunja, kenaka pa 30 Epulo 1993 eni ake a CERN analengeza kuti luso limeneli aliyense aligwiritse ntchito osalipira kanthu. Kuyambira nthawi imeneyo kufikira lero masamba onse amalembedwa m'chinenero cha makina chotchedwa HTML, ndicho tizizindikiro tobisika touza kompyuta kuti apa pali mutu, apa ndime, apa chithunzi. Koma pulogalamu yoyamba imene mkuluyu anapanga yoonera masamba inali yolemberanso, kotero kuti kulemba tsamba ukuliona ndi maso, osagwira tizizindikiro tija, ndi mwambo wakale ngati masambawo. Pambuyo pake kunabwera FrontPage, imene kampani ya Microsoft inagula mu 1996, ndi Dreamweaver mu 1997. Mapulogalamu a mtundu umenewu amatchedwa WYSIWYG, malembo oyamba a mawu a Chingelezi onena kuti chimene maso ako aona ndicho chimene udzalandira. Lonjezo limeneli n'loona pang'ono chabe, ndipo ndibwererako.

Masiku ano ambiri amamangira masamba awo pa WordPress, Wix kapena Google Sites, ndipo sindizinyoza. Koma ntchito ya kumeneko imafuna kuti intaneti ikhale yolumikizidwa nthawi yonse imene mukulemba, ndipo ife tonse tidziwa momwe bandulo imathera munthu asanamalize kuganiza. Chifukwa chake ndasankha pulogalamu yaulere yotchedwa SeaMonkey, imene inatuluka mu 2006 kuchokera ku mbumba ya Netscape, pulogalamu yakale yoonera masamba, ndipo m'kati mwake muli cholembera masamba chotchedwa Composer. Ndi nkhalamba, ndivomereza, ndipo ilibe zokometsera za makono. Koma mukangoikoka kamodzi pa intaneti n'kuiika m'kompyuta, imagwira ntchito popanda kudya ndalama, ndipo zimene muphunzire pa iyo mudzazipezanso kwina kulikonse.

Tiyerekeze tsono kuti ndinu mlembi wa gulu la alimi a njuchi, ndipo anzanu akutumani kuti mupange tsamba lodziwitsa ogula za uchi wanu. Musathamangire kuyatsa kompyuta. Tengani pepala ndi pensulo, khalani pansi ndi anzanu awiri kapena atatu, popeza mutu umodzi susenza denga, ndipo mudzifunse chimene mlendo wofika pa tsamba lanu adzakhala akufuna. Iye afuna kudziwa kuti ndinu yani, mugulitsa chiyani, pa mtengo wanji, mupezeka kuti, ndipo akulankhuleni pa nambala iti. Mbiri ya momwe gulu linayambira, ndi mayina a onse a m'komiti pamodzi ndi maudindo awo, ngakhale n'zokoma m'makutu a eni ake, zidikire m'munsi mwa tsamba. Pakuti mlendo ndi mame, ndipo mlendo wa pa intaneti amakamuka msanga kuposa mame a m'mawa wa mwezi wa Okutobala.

Mukayatsa kompyuta, chinthu choyamba ndicho kupanga foda imodzi, imene idzakhala ngati bwalo la nyumba yanu, ndipo kanthu kalikonse ka tsambalo kakhale m'menemo. Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mukaika chithunzi m'kalata ya Word, chithunzicho chimalowa m'kalatamo n'kumayenda nayo kulikonse; koma tsamba la pa intaneti silimeza chithunzi ayi, limangosunga njira yopita kumene chithunzicho chili, monga momwe munthu amalozera nkhokwe ali pakhonde. Ngati tsono mwatenga chithunzi chimene chili pa fulashi, kapena m'foda ina ya kompyuta yanu, tsamba lidzaoneka bwino lomwe pamaso panu, inu n'kumasekerera, koma tsiku limene mudzalitumiza kunja, alendo adzapeza kabokosi kopanda kanthu pamalo pa botolo la uchi, popeza njira imene tsamba liloza yatsalira m'nyumba mwanu. Choncho yambani mwakopera zithunzi zonse m'foda ija, ndipo pokhapo muziike pa tsamba.

Mayina a zithunzi ndi mafayilo akhale a zilembo zazing'ono zokhazokha, opanda mpata pakati pa mawu. Mukafuna kulekanitsa mawu, ikani kamzere. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta ya Windows imayesa chilembo chachikulu ndi chaching'ono kukhala chimodzi, pamene makompyuta ambiri osunga masamba, amene amatchedwa maseva, amayendera Linux, imene imawerenga Uchi ndi uchi ngati mayina a anthu awiri osadziwana.

Tsegulani SeaMonkey tsopano, pitani pamwamba pamene palembedwa Window, ndipo musankhe Composer. Muona tsamba loyera ngati pepala. Musanalembe kanthu, lisungeni. Pulogalamu ikufunsani mutu wa tsambalo, ndipo apa musalembe mwaulesi kuti tsamba langa, koma lembani dzina la gulu, chimene mugulitsa ndi boma limene muli, pakuti mawu amenewa ndiwo amaoneka pamwamba pa Chrome kapena Firefox, ndiwonso Google kawirikawiri imaonetsa kwa ofufuza. Fayilo yeniyeniyo muitche index.html, popeza dzina limeneli ndilo seva imayamba kufuna mlendo akagogoda pakhomo osatchula chipinda. Pa File pomwepo palinso posankhira kalembedwe ka zilembo posunga. Sankhani UTF-8, kuti chilembo chathu chija chovala chisoti, chimene ena amalemba m'dzina la Malaŵi, chisasanduke tizinyalala tosawerengeka pa foni ya wowerenga. Ndipo zolowerani kukanikiza Ctrl ndi S pamodzi mukangomaliza ndime iliyonse, pakuti magetsi satsazika pochoka.

Tafika pa mtima wa nkhani. Kumanzere, pamwamba pa pepala loyera lija, pali kabokosi kosankhira mtundu wa mawu, ndipo m'menemo muli Paragraph, ndiyo ndime wamba, ndi mitu isanu ndi umodzi, kuyambira Heading 1 kufikira Heading 6. Mitu imeneyi ili ngati maudindo a m'mudzi: Heading 1 ndiye mfumu, ndipo m'tsamba limodzi mukhale mfumu imodzi, ndilo dzina la gulu lanu, Heading 2 ndizo nduna, zoyang'anira zigawo monga mitengo ya uchi, kumene mupezeka ndi mbiri yanu, Heading 3 ndizo nyakwawa za pansi pa ndunazo, ngati zifunika konse. Yesero limene limagwera wophunzira aliyense ndi ili, kuti m'malo mosankha mutu m'kabokosi kaja amangodetsa mawu ndi kuwakulitsa kufikira aoneke ngati mutu, ndipo pamaso zimafananadi; koma ameneyo waveka munthu wamba mkanjo wa mfumu popanda kumulonga ufumu, ndipo makina samugwadira. Google poyesa kumvetsa tsamba lanu imayang'ana mitu yeniyeni, ndipo mbale wathu wosaona, amene foni kapena kompyuta imamuwerengera masamba mokweza, amadumpha kuchoka pa mutu kupita pa mutu kufunafuna chigawo chimene akufuna; mukam'mana mitu, mwam'siya m'thengo lopanda njira.

Apa ndi pamene ndinati lonjezo la mapulogalamu amenewa n'loona pang'ono chabe. Chimene muona pa kompyuta yanu yotakata si chimene adzaone mayi wa ku Mzimba kapena mwana wanu wa ku Johannesburg pa kagalasi ka foni. Mukakankha mawu kupita pakati pomenya batani la mpata kakhumi, kapena kutsitsa chithunzi pomenya Enter kasanu, kapena kumanga tsamba lonse m'kati mwa tebulo la mizere kuti zinthu zikhale pambali ndi pambali, pa foni zonsezo zimabalalika ngati nkhuku zoona kabawi. Lembani zinthu motsatana kuchoka pamwamba kutsika pansi, mzere umodzi wokha ngati anthu opita kumadzi, ndipo tebulo mulisungire ntchito yake yeniyeni, monga kuonetsa kukula kwa botolo ndi mtengo wake. Chimodzimodzinso, mukakopera mawu kuchokera mu Word, ayambe adutsa mu Notepad kuti asambe, popeza amabwera ndi katundu wobisika wambiri. Pansi pa Composer pali malo olembedwa HTML Source; dinanipo nthawi zina, ngakhale simumva chinenerocho, ndipo mukaona mizere makumimakumi ya tizizindikiro pa chiganizo chimodzi chokha, dziwani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kunena za zithunzi, foni ya masiku ano imajambula chithunzi cholemera mamegabayiti atatu kapena anayi, ndipo mukaika zisanu zotere, mlendo wanu alipira mamegabayiti pafupifupi 20 a bandulo yake asanaone n'komwe mtengo wa uchi. Kodi ndi ulemu kuitana mlendo n'kumuuza kuti agule yekha nkhuku? Chepetsani chithunzi chilichonse musanachiike, ndi pulogalamu monga Paint kapena GIMP, kuti m'lifupi mwake musapitirire mapikiselo 1,000 ndi kulemera kwake kukhale pafupi ndi makilobayiti 200, ndipo muchisunge ngati JPEG. Kukoka ngodya ya chithunzi ndi mausi m'kati mwa Composer kumangochichepetsa pamaso, koma katundu wake amakhala yemweyo. Podina batani la Image, pulogalamu ikupemphani mawu ofotokoza chithunzicho; ambiri amadumpha pamenepa, koma inu lembani kuti botolo la uchi la theka la lita, pakuti mawu amenewa ndiwo amamveka kwa wosaona uja, ndiwonso amaoneka pamene netiweki yafooka ndipo chithunzi chakana kubwera.

Za mitundu sindichulutsa mawu. Zilembo zakuda pa pepala loyera zawerengedwa kuyambira masiku a makolo a makina osindikizira, ndipo palibe anadandaula. Zachikasu pa zobiriwira zimaliza maso.

Linki ndiyo njira yochokera pa tsamba lanu kupita pa lina. Sankhani mawu, dinani batani la Link, ndipo mulembe keyala yonse kuyambira pa https ngati mukuloza kunja, kapena dzina la fayilo lokha ngati tsambalo lili m'foda yanu yomweyo. Mawu a linki anene okha kumene apita, monga mitengo ya uchi wathu, osati dinani apa, popeza chikwangwani cholembedwa kuti njira ndi iyi, osatchula mudzi, sichithandiza wapaulendo. Poika nambala ya foni, ikani ya gulu kapena ya munthu amene wavomera ndi pakamwa pake, ndipo zithunzi za ana a eni musaziike makolo asanalole, pakuti chimene chakwera pa intaneti chimaonedwa ndi abwino ndi oipa omwe.

Kufikira pano tsamba lili m'kompyuta yanu yokha, ngati mbewu imene ikadali m'chikwatu. Kuti dziko lilione, foda yonse, osasiyako kanthu, iyenera kukwezedwa pa seva. Alipo malo osunga masamba ang'onoang'ono kwaulere, monga Neocities ndi GitHub Pages, ndipo alipo makampani olipiritsa pa chaka, amene mumawatumizira mafayilo ndi pulogalamu monga FileZilla. Gulu likakula lingathe kugulanso dzina lakelake lothera ndi .mw, chizindikiro cha dziko la Malawi, kapena .zm kwa abale athu a ku Zambia. Chinsinsi cholowera kumeneko chidziwike kwa anthu awiri a m'gulu, kuti mlembi akasamuka tsamba lisakhale lamasiye, likumalengezabe mitengo ya zaka zitatu zapitazo. Paja akuluakulu anati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, ndipo mtengo wake pano ndi gulu lonse.

Mukakweza, musaliyese pa kompyuta imene munalembera, chifukwa iyo idziwa kale pamene pali chilichonse ndipo idzakunyengani. Bwerekani foni ya mnansi, makamaka yakale ndi yaing'ono, muipereke kwa munthu wachikulire amene sanalionepo tsambalo, ndipo mum'pemphe kuti akupezereni mtengo wa botolo lalikulu ndi nambala yoimbira. Inu khalani chete, manja kumbuyo, ngakhale mtima ukuyabwa kuti mumulozere. Pamene chala chake chaima mokayika, lembani pa pepala lanu lija. Kenaka bwererani ku Composer, konzani malo amenewo, sungani, ndipo mukwezenso fayiloyo pa seva kuti ilowe m'malo mwa yakale.