Azakhali Ayankha: Laputopu Yadzaza, Ndifufute Ziti?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa pa Lirangwe. Ndili ndi kabenchi m'mbali mwa msewu wa M1 pomwe ndimabena nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi a anthu. Laputopu yake ananditumizira achimwene a ku Joni. Masiku ano ikungodandaula kuti malo atha, kamzere ka pa disiki C kafiira psuu. Nditayang'ana m'kati ndapeza timafayilo tambirimbiri tothera ndi .log, tina tolembedwa install, tina setup. Mnzanga wa ku Lunzu akuti nzinyalala zotsala poika mapulogalamu, ndingofufuta zonse pamodzi ndi foda ya Installer. Nditero?

Wobena nyimbo, Lirangwe

Mwana wa achimwene,

Safunsa anadya phula, ndiye wachita bwino kubwera kuno chala chisanafike pa Delete. Koma mnzako wa ku Lunzuyo, kodi yake laputopu ili kuti? Ngati amangobwereka yako, pitiriza kumupatsa moni basi, malangizo ake aleke.

Kamzere kako kamafiira malo otsala akachepera magawo 10 pa 100 aliwonse. Tsono tiye tiwerenge limodzi, poti masamu unawathawa ku sekondale. Timafayilo ta .log timeneti ndi mawu okhaokha, mulibe chithunzi, mulibe nyimbo. Kambiri kamakhala ka ma KB ochepa chabe, kakakula kwambiri ndiye ma MB angapo. Filimu imodzi ya karate yomasuliridwa m'Chichewa imadya 700 MB, ina kudutsa 1 GB. Ungathe kufufuta timafayilo 500, thukuta kamukamu, malo opezekawo osakwana ndi theka la filimu. Zimachitika mwa apo ndi apo kuti fayilo ya mtunduwu yatupa mpaka ma GB, makamaka m'foda ya Windows\Logs\CBS, koma uyambe waona kukula kwake usanaipeze yolakwa.

Ntchito ya timafayiloti ili ngati ya kabuku ka kuchipatala kaja. Pulogalamu ikamalowa, kompyuta imalemba zimene yaika, pomwe yaziika, ndi pomwe zavuta. Tsiku lomwe laputopu idzayambe kukhosomola, wokonza uja adzawerenga m'menemo. Iwe ukufuna kutaya kabukuko kuti m'nyumba mupezeke pogona alendo!

Tina mwa timeneti tikapita sudzatilira, tina udzatilira. Kafayilo ka install.log kapena unins000.dat kamene kali m'foda ya pulogalamu yomwe ukuigwiritsabe ntchito, kasiye. Pulogalamu yochotsera imawerenga m'menemo kuti idziwe zoti izule. Ukakafufuta, tsiku lofuna kuchotsa pulogalamuyo kompyuta idzangokuuza kuti fayilo sikuipeza, pulogalamu n'kukhala pomwepo gwa, yosachoka.

Nanga foda ya Installer ija, C:\Windows\Installer? Ukuganiza kuti a Microsoft anaibisa chifukwa chosowa chochita? Mmenemo muli mafayilo a .msi ndi .msp omwe Windows imawafuna pokonza, pokonzanso kapena pochotsa mapulogalamu ngati Office. Mayina ake ndi osamveka, manambala ndi zilembo zosakanikirana, ndiye munthu umangoti nzachabe. Si zachabe ayi. Ndipo ndi a kompyuta yako yokhayo, sungakakopere kwa mnzako. Ukawafufuta, ndalama ya minibasi yopita ku Blantyre ndi ya wokonza ikonzeretu, ya Fanta yake pamwamba.

Chochita nachi. Dinya Start, lemba Disk Cleanup, sankha disiki C, kenako dinya pomwe alemba Clean up system files. Windows yokha ikuonetsa zomwe ingataye popanda kudzivulaza, ndi kukula kwake pambali: Temporary files, Windows Update Cleanup, Recycle Bin, ndi Setup Log Files ngati alipo. Chonga zimenezo. Ukaonapo Previous Windows installation, imeneyo ndi foda ya Windows.old, yomwe imatha kupitirira 10 GB. Ikapita sungabwererenso ku Windows yakale, koma ngati yatsopanoyo ikuyenda bwino palibe chodandaula. Kawirikawiri imachoka yokha pakatha masiku 10.

Mu Downloads muli mafayilo a .exe omwe unaikira VLC ndi anzake. Ntchito yawo inatha, pulogalamu imayenda popanda iwo. Koma popeza bandulo sagawa ulere, akopere kaye pa fulashi kenako uwafufute.

Tsopano tifike pa wakuba weniweni, amene m'kalata mwako sunamutchule dala. Tsegula New folder. Tsegulanso New folder (2), ndi (3). Ndikulumbira ndili pano kuti chimbale chimodzi cha Kuimba chilimo kanayi. Siya kope imodzi, zinazo zipite. Ndati imodzi itsale, wamva? Munthu wobena nyimbo kufupi ndi Chileka, kwawo kwa Evison Matafale ndi Mablacks, n'kusowa Kuimba, ku Gadaga ungakaonetse nkhope yanji? Palinso kanema wa ukwati wa eni ake, anabwera kudzatenga chaka chatha, iwe ukusungabe ngati ndiwe ankhoswe. Ndi kafoda kaja unakatcha Zasukulu, pomwe sukulu unamaliza kalekale. Sindikufunsa kuti muli zithunzi za ndani. Ndangomva kuti mtsikanayo anakwatiwa ku Matindi, mwana akuyenda.

Mafilimu ndiwo katundu wa bizinesi yako, ndiye agulire hard drive yapadera, disiki C ipume. Ukafufuta zonsezi ukumbuke kukhuthula Recycle Bin, apo ayi malo sabwera.

Malipiro anga ndi ochepa. Loweruka ndikudutsa pa Lirangwe popita ku chinkhoswe, memori khadi ili m'kachikwama. Undiikire zakwaya zokhazokha. Zija unaika ulendo watha zinalira pakati pa msonkhano wa amayi, mpaka lero amayi abusa amandiyang'ana cham'mbali.

Ndine Azakhali ako