Kodi mkaidi wodwala kwambiri angatuluke pa belo podikira apilo?

Funso: Bambo anga anagamulidwa kukhala kundende zaka zisanu ndipo tinachita apilo. Tsopano impso zawo zafooka kwambiri. Kodi khoti lingawapatse belo? Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Lingathe, koma sizophweka. Munthu akagamulidwa kuti ndi wolakwa, lamulo silimuonanso ngati wosalakwa, choncho makhoti a m'Malawi amapereka belo yotere pokhapokha pali zifukwa zapadera, ndipo amaonanso ngati apiloyo ili ndi mwayi wopambana. Kudwala kokha sikukwanira. Woweruza amafuna kudziwa ngati chithandizo chingapezeke munthuyo ali m'ndende, ndipo apa mpamene loya wanu alimbikire. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limalamula boma kupereka chakudya chokwanira ndi mankhwala kwa mkaidi aliyense, komanso mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana ndi kusowa mpweya m'ndende zathu n'konyoza umunthu. Ngati bambo anu akufunika makina otsuka magazi a dialysis kangapo pa sabata, monga a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kalata ya dokotala inene zimenezo momveka, ndi zomwe zingachitike akaphonya tsiku limodzi.

Ena amati anthu olemera amanamizira matenda kuti azembe ndende. Nkhawayi njomveka, koma khoti lingalamule dokotala wa boma kuti ayeze mkaidiyo, kumulanda pasipoti, n'kumuuza kuti azikaonekera kupolisi. Ine ndikuona kuti kukana odwala enieni chifukwa cha onama ochepa n'kulakwa. Pemphaninso kuti apiloyo imvedwe msanga.