Phunziro: Kukoka Waya wa Intaneti m'Paipi Yaitali

Ena a ife pa Milonde afuna kuti intaneti ya m'nyumba ifike ku nyumba ina, kapena ku kasitolo ka pa mseu. Waya wace sayenera kugona pamtunda, pakuti makoswe amamudya, khasu limamudula, ndipo mvula ya kuno ku Mulanje tiidziwa tonse. Cifukwa cace timamuika m'paipi ya pulasitiki ndi kuikwirira pansi. Koma apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama zao.

Colakwa cacikuru ndi ici: munthu alumikiza mapaipi onse, nawakwirira, ndipo pambuyo pace ayesa kukankhiramo waya. Wayayo apindika m'kati, naima. Waya sakankhidwa, akokedwa.

Tsono yambani ndi cingwe ca nailoni. Mangani kamwala ku nsonga yace, ndipo mucipise m'paipi iri yonse musanailumikize ndi inzace. Pofika kumapeto, cingwe cidzakhala citadutsa njira yonse, osabwereka makina. Dothi musabwezere kufikira waya ataturukira mbali inayo. Paipi ya mamilimita 25 iposa ya 20, ngakhale mtengo wace ukwerako. Pa mamita 30 ali onse ikani kabokosi kotsegula, ndipo pakati pa mabokosi awiri makona asapose awiri.

Pokoka pafunika anthu awiri: wina akoka pang'ono pang'ono, wina alowetsa ndi kuongola. Waya wa Cat6 salola mphamvu yoposa makilogalamu 11. Mukakoka ndi mtima wapacala, timawaya 8 ta m'kati tidzaonongeka, ngakhale kunja kuoneke bwino. Akakana, lekani, bwererani pang'ono. Mafuta a galimoto musapake, pakuti aononga khungu lace. Musaiwalenso kukokera pamodzi cingwe caciwiri, cikhale m'paipimo kudikira tsiku lina.

Pogula cenjerani ndi waya wocipa wolembedwa CCA: ndi aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa, ndipo saticedwa kuduka. Funsani waya wa panja, cifukwa madzi adzalowa m'paipi, mufune musafune.

Waya wa mkuwa atha nchito yace pa mamita 100. Nyumba zikatalikirana koposa apo, gulani fibre, waya wa galasi, umene sutenganso moto wa mphezi kucokera ku nyumba ina kupita ku inzace.