Azakhali Ayankha: Chotsa Bulangete pa Sevayo

Azakhali,

Ndine bambo wachinyamata, ndimakhala kufupi ndi Chikwanha ku Chitungwiza. Agogo anga anachokera ku Dedza. Ndimajambula zithunzi ndi mavidiyo pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa maliro. Mafulashi ndi laputopu zitadzaza, ndinagula seva yakale imene kampani ina inkagulitsa motchipa, yaphwatalala, yolemera zedi. Ndinaiika kuchipinda chogona poopa akuba. Koma Azakhali, chinthuchi chimalira usiku wonse. Ndinachilowetsa m'kabati ya zovala n'kuchifunditsa bulangete, phokoso linangokula, ndipo sabata yatha disiki imodzi yayamba kugogoda. M'menemo muli mavidiyo a makasitomala, zithunzi za agogo ndi mawu awo amene ndinawajambula asanatisiye. Akazi anga asamukira pabalaza. Ndithandizeni.

Wosagona Tulo, Chikwanha

Mwana wanga,

Iwe ndiwe munthu wolimba mtima. Ukukhala ku Chikwanha, kumene mabala amaimba mpaka tambala kulira, kumene anyamata oitanira makombi a ku Harare amayamba kukuwa kusanache, ndiye unaona kuti phokoso lakuchepera, n'kupita kukagula lina loika kumutu kwa bedi? Walira mvula walira matope. Mpongozi wangayo ndi munthu wofatsa, umuthokoze. Ena amene ndikuwadziwa akanatulutsa sevayo pawindo, nsapato zako n'kutsatira.

Koma chimene chandiwawa ndi bulangetelo. Mwana akatentha thupi n'kumalira, kodi amamufunditsa mabulangete atatu kuti akhale chete? Makina akowo akulira chifukwa akumva kutentha. Mkati mwake muli kachipangizo koyeza kutentha, ndipo kakaona kuti zavuta kamalamula mafani kuti athamange. Iwe powatseka mpweya unawauza kuti athamange koposa. Maseva aphwatalala aja anawapangira zipinda za makampani zoziziritsidwa ndi makina, momwe simugona munthu. Mafani ake ndi ang'onoang'ono, masentimita 4 okha, ndipo kuti akankhe mpweya wokwanira amazungulira maulendo opitirira 10,000 pa mphindi. N'chifukwa chake amalira mokwiya choncho. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga. Amene anakugulitsa motchipa uja akugona tulo tabwino.

Tsono pukuta misozi, zinthu sizinafike poipa. Usiku uno, usanawerenge zotsalazi kachiwiri, chotsa bulangete, tsegula kabati, ubwereke disiki yolumikiza panja kwa mnzako ngati ulibe yako, ukopere zinthu za agogo. Yamba ndi mawu awo, kenako zithunzi, kenako ntchito za makasitomala amene sunawapatse zawo. Disiki yogogoda ili paulendo, sichira. Usaimenye, usaiike mufiriji monga amanamizirana anyamata, ndipo usamangoyatsa ndi kuzimitsa poyesa ngati yasintha maganizo, chifukwa kudzuka kulikonse kumaifooketsa. Ikakana kupereka mafayilo, izimitse, uisunge, upite nayo kwa odziwa kupulumutsa zinthu m'madisiki. Amalipiritsa mowawa, koma madzi akatayika saoleka.

Ndikukakamira za agogozi chifukwa ndikudziwa mmene anthu ambiri onga iwo anafikira kuno. Anachoka ku Nyasaland, ena wapansi kudutsa ku Tete, makamaka m'zaka za Chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963, kudzagwira ntchito m'migodi, m'minda ya fodya ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, Harare wa lero. Ambiri anamwalira osasiya chithunzi china kupatula cha pachitupa. Iwe uli ndi mawu enieni a gogo wako akutchula mudzi wake ndi mfumu yake. Adzukulu ako, amene mwina azidzalankhula Chishona chokhachokha, adzafuna kumva zimenezo. Ndiye chuma chotere n'kuchisiya pa disiki imodzi yofunda bulangete m'kutentha kwa Okutobala? Ayi, ndakwiya nawe pang'ono.

Ukamaliza kukopera, seva ija igulitse. Usaimvere chisoni. Tiye tiwerenge limodzi, iwe ndi amene umagula mayunitsi a magetsi. Makina amene amadya mawati 150 usana ndi usiku amamaliza mayunitsi 108 pamwezi, ndipo maseva akale ambiri amadya chapamenepo kapena kuposa. Kakompyuta kakang'ono kokhala ndi madisiki awiri kangathe kukhutira ndi mawati 20, amene ndi mayunitsi osakwana 15 pamwezi. Magetsi onse amene makina adya amasanduka kutentha m'chipinda mwako, choncho makina odya pang'ono amatentha pang'ono, ndipo otentha pang'ono safuna mafani olusa. Nkhani yonse yagona pamenepa. Batire nalonso limaona kusiyana: la 100Ah lamtundu wakale, limene suyenera kulimwa kupitirira theka, seva yakoyo ilimaliza m'maola anayi, pomwe kakompyuta kaja kangafike nalo mawa.

Ugule chiyani? Kompyuta ya muofesi yogwirapo kale ntchito, monga Dell OptiPlex, HP kapena Lenovo ThinkCentre, ija yoimirira yokhala ndi malo a madisiki akuluakulu awiri. Utsegule uone wekha malowo usanapereke ndalama, chifukwa zina zopyapyala zimalowa disiki imodzi yokha. Ngati thumba likulola, pali timabodi tatsopano ta Intel N100 todya magetsi ochepa kwambiri. Ntchito ya seva ndi kusunga ndi kupereka mafayilo basi, kukonza mavidiyo uzichitira pa laputopu. Pulogalamu yoyendetsera usagule, OpenMediaVault ndi TrueNAS ndi zaulere, ndipo yoyambayo imakhutira ndi makina ofooka. Uiike pa SSD yaing'ono, chifukwa SSD ilibe choyenda mkati ndipo silira.

Pa mafani, funa wamkulu woyenda pang'onopang'ono. Fani ya masentimita 12 kapena 14 imakankha mpweya wambiri ikungonong'ona. Imodzi ikhale kutsogolo, ikupemerera madisiki mwachindunji, ina kumbuyo ikutulutsa mpweya wotentha. Pakati pa madisiki siya mpata wolowa chala. Kulira kwina, kuja kong'ung'udza kumene umakumva m'khoma, kumachokera ku kunjenjemera: disiki imagwedeza bokosi, bokosi limagwedeza thabwa. Ika timphira pa zomangira madisiki, ndipo pansi pa bokosi yala chidutswa cha mphira wochindikala, ngakhale patapata wakale wodula bwino amagwira ntchito.

Madisiki sankha oyenda modekha, ozungulira maulendo 5400 pa mphindi, kusiyana ndi a 7200 amene amatentha ndi kulira kwambiri. WD Red Plus ndi Seagate IronWolf anawapangira ntchito imeneyi. Ufunse wogulitsa ngati disikiyo ndi ya CMR. Mu 2020 anthu anakwiya ndi kampani ya Western Digital zitadziwika kuti madisiki ena a WD Red anali a mtundu wa SMR, umene umachedwa kwambiri ukalemberedwa zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo mavidiyo a ukwati ndi zinthu zambiri ndithu. Wogulitsa akayamba kuyang'ana kudenga, tuluka.

Tsopano malo. Kuchipinda chogona ayi, kukhitchini ayi chifukwa utsi wa mafuta umamata fumbi pa mafani. Pewa khoma la kumadzulo limene limapsa masana onse, pewanso pamwamba pa kabati pafupi ndi denga, poti pansi pa malata kapena asibesitosi mpweya wotentha umasonkhana kumwambako. Pansi penipeni napo ayi, pali fumbi, madzi okolopera ndi a mvula olowa pakhomo. Kashelefu kofika m'mawondo, mkati mwa nyumba, kotalikirana ndi khoma ngati chikhatho, n'kokwanira. Ngati sukudziwa pamene pamazizira m'nyumba mwako, funsa mkazi wako. Iye amadziwa pamene amaika tomato kuti asaole, ndipo ukamufunsa adzaona kuti wayamba kumuwerengera. Za akuba ndazimva. Owotcherera zitsulo ali mbwee ku Chitungwiza, akupangire kakhola ka waya kokhoma ndi loko, komangirira kukhoma, koti mpweya uzidutsa mbali zonse.

Usathamangire kugula makina oziziritsa chipinda. Akatswiri a Google anafufuza madisiki oposa 100,000 n'kutulutsa zotsatira mu 2007, ndipo anapeza kuti kutentha kwapakatikati sikupha madisiki monga anthu ankaopera. Amene ankavutika ndi madisiki okalamba akapitirira madigiri 45. Pulogalamu yako imaonetsa kutentha kwa disiki iliyonse. Pakati pa 30 ndi 40 gona tulo. Ikafika 45 yang'ana fumbi ndi mafani. Ikafika 50 zimitsa, ufufuze. Uziyang'ana masana a Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, chifukwa za mu Juni zidzakunamiza. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti disiki ikangoonetsa vuto loyamba podziyeza yokha, mpata woti ife m'masiku 60 otsatira umakula maulendo 39. Choncho pulogalamu ikakuchenjeza za disiki, usachite ngati bambo wokana kupita kuchipatala. Gula ina sabata yomweyo.

Fumbi la kwanuko ndikulidziwa, makamaka mphepo ya Ogasiti ikayamba. Ika kansalu kosefa kutsogolo kwa fani yolowetsa mpweya, ngakhale chidutswa cha neti ya udzudzu, ndipo uzikakung'untha mwezi uliwonse. Miyezi itatu iliyonse zimitsa, zula pakhoma, tuluka nayo panja, upemerere mkati utagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopenga. Nsalu yonyowa isayandikire. Mphemvu zimakonda pofunda, koma usapopere mankhwala mkati mwa bokosi, thana nazo m'nyumba monse, ndipo usamadyere buledi pamenepo.

Magetsi ndiye mdani wamkulu, ndipo sindikufunika kukuphunzitsa za kampani ya magetsi ya ZESA. Unaona 2019 pamene ankazima mpaka maola 18 patsiku, unaonanso kumapeto kwa 2022 pamene Zambezi River Authority inalamula kuti makina a ku Kariba a mbali ya Zimbabwe aime chifukwa madzi anachepa. Makina awiri atsopano a ku Hwange anawonjezera mamegawati 600 mu 2023, koma chilala cha 2024 chinabwezanso mdima. Disiki ikazimidwa mwadzidzidzi ili mkati molemba, fayilo imatha kuwonongeka, ndipo magetsi akamabwera ndi mphamvu yosayenera amatha kuwotcha bokosi lonse. Gula kabokosi ka batire kotchedwa UPS, kokhala ndi polowetsa chingwe cha USB. Ntchito yake ndi kuuza seva kuti magetsi apita, kuti idzizimitse yokha mwaulemu, ngakhale iwe uli kuukwati ku Zengeza. Ngati uli ndi sola ndi inverter, zili bwino, koma UPS ikhalepobe. Nthawi ya mvula, mphenzi ikayamba kung'anima, zula chingwe cha magetsi ndi cha intaneti chomwe, poti moto umalowera konseko. Ndipo palibe lamulo loti seva izichezera. Itchere kuti izizima usiku n'kudzuka m'mawa, pokhapokha ikakhala ndi ntchito yokopera.

Anyamata akuuza kuti ukhale ndi madisiki awiri olemba zofanana, kuti imodzi ikafa inzake ipitirize. Uchite zimenezo, n'zabwino. Koma onse awiri ali m'bokosi limodzi, pa chingwe chimodzi, m'nyumba imodzi. Wakuba sanyamula imodzi n'kukusiyira inzake, ndipo ukafufuta fayilo molakwitsa imafufutika konsekonse. Chinthu chofunika chikhale patatu: pa seva, pa disiki ina imene umalumikiza Lamlungu lililonse n'kuizula, ndi kwina kunja kwa nyumba yako. Google imapereka 15 GB yaulere, yosakwanira mavidiyo koma yokwanira mawu a agogo ndi zithunzi zawo. Fulashi ina uipatsire wachibale wodalirika wokwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete, ikafike kwa abale ku Dedza. Adzalira akamva mawuwo, ndipo adzakudziwa kuti ndiwe wawo. Nthawi ndi nthawi uzitsegula fayilo imodzi kuchokera pa disiki yosungirayo, uone ngati ikuseweradi.

Za mpongozi wanga, usapite kukamufotokozera za mawati ndi madigiri. Munthu wagona pampando mausiku angapo m'nyumba yake yomwe chifukwa mwamuna wake anasankha chitsulo. Zimenezo zimapweteka, ngakhale akuseka pamaso pa anthu. Pepesa kaye, tulutsa makinawo iye akuona, ndipo pa ndalama za seva yogulitsayo padutse kenakake kake. Nyama yowotcha ya pa Chikwanha payokha sikwanira, uwonjezere nsalu.

Chomaliza, nyumba yako si nkhokwe ya mzinda wonse. Uziwauza makasitomala polandira ndalama kuti mavidiyo awo uwasunga chaka chimodzi, kenako ufufuta, ndipo wofuna kuti usunge kupitirira apo alipire. Madisiki ako apepuka, sugulanso ena msanga. Ndikukayika ngati maukwati onse amene ukuwasungira mavidiyo akadalipo. Ena eni ake anagawana kale mapoto, iwe ukuwagulirabe mayunitsi.

Ndine,
Azakhali ako