Mlendo M'kalasi: Zimene Tikuphunzira pa Ulendo wa Mnyamata wa ku Kasungu

Pamene ndimayendera ena a inu m'sukulu za m'madera a fodya kuno ku Kasungu pa nyengo yoyeserera kuphunzitsa, pali mwana mmodzi amene ndimampeza pafupifupi m'kalasi iliyonse. Amakhala kumbuyo chakukhoma, sakweza mkono, ndipo dzina lake lili kumapeto kwa kaundula chifukwa linalembedwa teremu itayamba kale. Makolo ake anachokera ku Mulanje, ku Phalombe, ku Machinga kapena ku Mzimba kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Ndikafunsa za iye, yankho limakhala lakuti, "Ameneyo ndi wachilendo, sanazolowere." Kodi tsono munthu amazolowera bwanji pasukulu ya kwa eni? Kuti tiyankhe funsoli, tiyeni tituluke kaye m'kalasi, titsatire mnyamata wina wa m'boma lomwe lino amene anakhala mlendo m'sukulu za kutsidya kwa nyanja kwa zaka 16.

Mnyamatayo ndi Hastings Kamuzu Banda. Za ulamuliro wawo umene unatha m'chaka cha 1994, zokoma ndi zowawa zomwe, tizisiyire phunziro la mbiri yakale. Pano tikuwaona monga wophunzira basi.

Nkhani ya kuchoka kwawo imakhudza ife aphunzitsi. Akuti cha m'ma 1915, polemba mayeso ku Chilanga, iwo anakhala kumbuyo, ndipo popeza anali wamfupi, anaimirira kuti aone mafunso pabolodi. Woyang'anira mayeso, m'busa wa Chiskoti T. Cullen Young, anayesa kuti akubera, nawatulutsa. Pasanapite nthawi anauyamba ulendo wapansi wa ku Harare, monga ankanenera makolo athu, nagwira ntchito pachipatala ku Hartley, kumene lero kumatchedwa Chegutu, kenaka m'migodi ya ku Joni. Kumeneko analowa mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo Bishopu W. T. Vernon anawalonjeza thandizo la sukulu. M'chaka cha 1925 anafika ku America.

Chinthu choyamba chimene sukulu yachilendo imachita kwa mlendo ndi kumubweza m'mbuyo. A Banda anafika ali munthu wamkulu, woti wadzidyetsa yekha zaka khumi, koma ku Wilberforce, m'dera la Ohio, anayambira maphunziro a sekondale, amene anawamaliza mu 1928. Zimene munthu wadziwira m'njira sizilembedwa pa satifiketi, choncho eni sukulu saziona. Onjezerani pamenepo chisanu cha kumeneko chimene chimaumitsa madzi m'mitsinje, chosayerekezeka n'komwe ndi kuzizira kwathu kwa mu Juni. Chakudya chopanda nsima. Ndiponso Chingerezi chotchulidwa mwa mtundu wina, chosiyana ndi chimene anachimva kwa amishoni. Thandizo la mpingo litatha, ankapeza ndalama poyankhula za Africa m'misonkhano, ndipo mwa njira yomweyo anapeza anthu owathandiza kulowa Indiana University. Atakhalako zaka ziwiri anasamukira ku University of Chicago, kumene analandira digiri mu 1931.

Pa Chicago pomwepa ndi pamene ndikufuna kuti tiimepo. Panali wophunzira wina wachikuda wa ku America, dzina lake Mark Hanna Watkins, amene ankaphunzira za ziyankhulo pansi pa katswiri wotchuka Edward Sapir. Iye ankafuna kulongosola malamulo a chiyankhulo china cha mu Africa, koma analibe wochiyankhula. Anapeza a Banda. Awiriwa ankakhala pansi, wina akufunsa, wina akutchula mawu, kubwereza, kukonza pamene wolembayo waphonya, kufotokoza chifukwa chimene timanenera kuti "munthu wabwino" koma "chinthu chabwino". Zotsatira zake ndi buku lotchedwa A Grammar of Chichewa limene linasindikizidwa mu 1937, ndipo Chichewa chimene chili m'menemo ndi cha kuno ku Kasungu.

Taganizirani bwino zimene zinachitika pamenepa. M'maphunziro ena onse mlendoyu anali wolandira, wothamangira anzake amene anayamba kale. Koma m'chipinda cha Watkins iye ndiye anali mwini nzeru, ndipo munthu wophunzira kwambiri ankadikira yankho lake ali ndi cholembera m'manja. Chinthu chimene anabwera nacho kuchokera kumudzi, chimene sichinali pa satifiketi iliyonse, chinapezeka kuti n'chofunika pa yunivesite yaikulu. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko sikaoneka ngati palibe womupempha kuti amete. Ine ndikuona kuti kuzolowera kwenikweni kumayambira apa. Kupatsidwa malo ogona ndi kusonyezedwa njira ya kuchimbudzi n'kofunika ndithu, komabe munthu amaleka kudziona ngati wongopondedwa pamene eni malo ayamba kumufuna pa kanthu kena.

Tisiyanitse zimenezi ndi kuyankhula kwa m'misonkhano kuja. Kuima pamaso pa anthu ofuna kumva za mikango ndi ufiti kumabweretsa ndalama, koma kumamusiya munthu ali chinthu choonerera. Watkins sankaonerera ayi. Ntchito yake sikanatheka popanda mnzakeyo. Kusiyana kumeneku mukusunge, chifukwa tikubwererako posachedwa.

Zotsala za ulendowu tingozidutsa mwachangu. Udokotala anauphunzira ku Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, kumwera kumene tsankho la khungu linali lokhazikitsidwa ndi lamulo, namaliza mu 1937. Popeza boma la Atsamunda silinkavomereza mapepala a ku America, anapitanso ku Edinburgh, kumene anamaliza mu 1941. Kumeneko anakumananso ndi Cullen Young uja, ndipo awiriwa anakonzera limodzi buku la Our African Way of Life la mu 1946. Apanso chimene chinawalumikiza ndi eni dziko chinali nzeru za kumudzi.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina yowawa. Pamene anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, atatha zaka zoposa 40 ali kunja, a Banda ankayankhula kwa anthu awo m'Chingerezi kudzera mwa womasulira, ndipo anapitiriza kutero pa misonkhano yawo. Munthu yemwe uja amene anaphunzitsa Watkins Chichewa, amenenso m'nthawi yake Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968! Anthu amapereka zifukwa zosiyanasiyana, koma mphunzitsi aliyense wa chiyankhulo amadziwa kuti lilime losagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku limachita dzimbiri ngati khasu losiyidwa pamvula. Kuzolowera kwa eni kuli ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina mtengowo umakhala chiyankhulo cha amayi ako.

Tsopano tibwerere kwa mwana wakukhoma uja. Iye sanakwere sitima yapamadzi, anangokwera lole ndi makolo ake, koma zimene akukumana nazo n'zomwezo. Wabwezedwa m'mbuyo, mwina kuchoka Sitandade 5 kupita Sitandade 4, chifukwa kalata yosamutsira inatsala kwawo. Katchulidwe kake kakuseketsa anzake. M'mawa asanabwere wathirira nazale, ndipo ikafika nyengo yothyola ndi kusoka fodya adzayamba kujomba. Fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, mwina banja lidzanyamuka chaka cha sukulu chisanathe. Nthawi imene muli naye ndi yochepa. Simungadikire kuti azolowere yekha.

Pa sukulu ina ndinaona wophunzira zauphunzitsi wamtima wabwino ndithu ataimika mtsikana wachilendo kutsogolo, nati, "Tatiyankhulire Chiyao timve." Kalasi yonse inafa ndi phwete, mtsikanayo anangozyolika, ndipo sanatsekulenso pakamwa tsiku lonse. Uku ndiko kuonerera kuja. Cholinga chinali chabwino, koma mwanayo anasanduka chionetsero.

Njira ya Watkins ndi ina. Konzani ntchito imene gulu silingaimalize popanda mlendoyo. Pa phunziro la mayina, gawani ana m'magulu ang'onoang'ono, ndipo gulu lililonse lilembe mawu khumi m'ziyankhulo zonse zopezeka m'gululo: madzi, maji, mesi, nsima, sima, ugali. Gulu lokhala ndi Mtumbuka kapena Myao lidzapambana, ndipo mawa lake ana adzayamba kumulimbirana. Pa phunziro la malo ndi nyengo, mwana wa ku Mulanje ndiye yekha amene waona tiyi ali m'munda ndi mitsinje yosaphwa m'chilimwe. Wa kunyanja amadziwa mwera ndi kayanikidwe ka usipa. Mufunseni poyamba muli awiri, pa nthawi yopuma, kuti mudziwe chimene ali nacho, ndipo m'kalasi mumufunse funso limene mukudziwa kale kuti ayankha. Musamuletse kuyankhula chakwawo ndi m'bale wake pabwalo poganiza kuti potero aphunzira msanga Chichewa kapena Chingerezi. Adzaziphunzira ndithu, pakuti zamuzungulira. Chimene chili pangozi ndi chakwawocho.

Pomaliza pali nkhani ya malo okhala. Mwana wofika mochedwa amakhala kumbuyo chifukwa kutsogolo kunadzaza kale, osati chifukwa ndi wamtali. Mukamuona akusuzumira pa kope la mnzake kapena akuimirira pa nthawi ya mayeso, kumbukirani za ku Chilanga musanatole ndodo kapena kung'amba pepala lake. Pitani mukakhale pamene wakhalapo, muone ngati bolodi likuoneka.

Pa ulendo wotsatira woyeserera kuphunzitsa, aliyense wa inu atsekule kaundula wa kalasi yake, apeze dzina lomaliza kulembedwa, ndipo pofika Lachisanu la sabata yoyamba alembe m'buku lake la ndondomeko kumene mwanayo anachokera, chiyankhulo cha pakhomo pawo, ndi phunziro limodzi la m'sabata yachiwiri limene kalasi idzadalira iye. Bukulo ndidzaliona ndikadzabwera.