Mawu Akuluakulu Anamutayitsa Chaka

Pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza panali mnyamata amene anzake ankamulemekeza chifukwa cha kope limodzi. Munali mawu a Chingerezi okhaokha, ataliatali, amene ankawatola m'dikishonale ya malume ake: kumanzere liwu, kumanja tanthauzo lake mwachidule. Chiyambire Fomu 3 ankawaloweza usiku uliwonse ndi tochi, m'mawa n'kumawayesera pa anzake panjira. Akaimirira pa mtsutso wa Lachisanu, ana ankawomba m'manja asanamalize n'chiganizo chomwe. Ambiri mwa iwo sankamva zimene wanena. Ankawombera kulemera kwa mawuwo.

Khama la mwanayu linali ndi chifukwa chomveka. Pa mayeso a MSCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, wolephera Chingerezi sapata satifiketi ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza bwanji. Kuti munthu alowe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, ndipo imodzi mwa iwo iyenera kukhala ya Chingerezi. Mwana wa kumudzi, amene Chingerezi amangochimva m'kalasi ndi pa wailesi, akazidziwa zimenezi amagwira chilichonse chimene akuganiza kuti chimuthandiza.

Woyamba kuona vuto anali mphunzitsi wake wa Chingerezi, mayi wachikulire amene anaphunzitsa Fomu 4 kwa zaka zambiri. Atachonga chimangirizo cha mnyamatayo, anamuitana pansi pa mtengo nthawi yopuma.

"Mwanangu, tandiuza m'Chichewa zimene umafuna kunena m'ndime iyi."

Mnyamatayo anafotokoza bwinobwino: mvula inakokolola mlatho, mlongo wake anali kudwala, ndipo bambo ake anamubereka kumsana n'kuwoloka naye mtsinje madzi ali m'chifuwa.

"Nanga bwanji sunalembe zimenezo?"

"Madamu, zimenezo n'zophweka kwambiri. Ochonga angandione ngati mwana wa ku pulayimale."

"Ochonga amafuna amve nkhani. Ine pano ndawerenga kawiri, mlathowo sindinauone."

Mayiwo anamuuza kuti abwere ndi dikishonaleyo. Inali Oxford Advanced Learner's Dictionary, buku limene linayambitsidwa ndi A. S. Hornby, Mngelezi amene anaphunzitsa Chingerezi ku Japan, ndipo Oxford inalisindikiza koyamba mu 1948. Hornby analembera anthu onga ife, ophunzira Chingerezi tili kale ndi chiyankhulo chathu. N'chifukwa chake pansi pa liwu pamakhala ziganizo za chitsanzo, mawu amene limayenda nawo, ndi chenjezo ngati liwulo ndi lachikale, la m'makalata a ku ofesi, kapena lonyoza. Mnyamatayo ankangotenga mzere woyamba, zonse za pansizo n'kuzisiya. Anavomera ndi mutu pamaso pa madamu, koma Lachisanu lotsatira anzake anamuwomberanso m'manja, ndipo malangizowo anathera pomwepo.

Kenaka kunabwera mwambo wotsanzikana ndi ahedi amene ankasamukira ku sukulu ina. Mnyamatayo anasankhidwa kuyankhulira ophunzira, ndipo pofuna kuwatamanda anawatchula kuti notorious. M'kope mwake liwulo analilemba kuti wotchuka. Akanawerenga mpaka pansi akanaona kuti ndi kutchuka ndi zoipa. Aphunzitsi anazyolika, ana anakuwa mokondwa, ahedi anangomwetulira chifukwa ankadziwa mtima wa mwanayo. Palibe anamukalipira, ndipo mwina kukoma mtima kumeneko ndi kumene kunamupweteka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti mawu amene ankafunikadi anali pafupi, koma iye ankawadumpha chifukwa sachititsa kaso. Mu 1953 Michael West anatulutsa mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'Chingerezi, ndipo ofufuza amapeza kuti pa mawu 10 alionse a m'nkhani wamba, pafupifupi 8 amachokera m'gulu limeneli. Mawu amenewa ndi ooneka ophweka koma ndi ozama. Liwu laling'ono ngati put limasintha tanthauzo likatsatidwa ndi off kapena up with, ndipo zoterezi ndi zimene zimakola ana pa mafunso a galamala. Mu 2000 Averil Coxhead wa ku New Zealand anasonkhanitsa mabanja a mawu 570 amene amapezekapezeka m'mabuku a maphunziro apamwamba: analyse, contrast, justify, illustrate ndi ena otero. Amenewa ndiwo mawu a m'mafunso a mayeso, ngakhale a Biology ndi Geography. Wophunzira wofuna Chingerezi chakuya ayenera kuyambira pamenepa, ndipo liwu limakhazikika m'mutu munthu akakumana nalo kambirimbiri m'nkhani zosiyanasiyana, n'kuyesa kulilemba m'chiganizo chakechake kuti wina amukonze.

M'laibulale yaing'ono ya sukuluyo munali The Pearl, kabuku kakang'ono ka John Steinbeck ka mu 1947. Steinbeck anapata mphoto ya Nobel mu 1962, komabe nkhani ya Kino ndi mwana wake wolumidwa ndi chinkhanira anaifotokoza m'mawu amene wa Fomu 2 angawamve. Mnyamata wathuyu anakawerenga patalipatali, akumafufuza mawu oti atole. Atapeza ochepa, anakabweza.

Tsiku la mayeso linafika. Pa chimangirizo anawononga nthawi kukumbukira mawu oti alowetse, ndipo nkhani inatha isanafike pachimake. Pa chifupikitso, pamene pamafunika kunena mfundo mwachidule m'mawu akoako, iye ankachotsa liwu lolondola n'kuikapo lalitali limene linkapotoza mfundoyo. Anatuluka akumwetulira ndipo anauza amayi ake kuti Chingerezi ndiye wachitafuna.

Zotsatira zitatuluka, masamu anapeza 3, Biology 2, Agriculture 2. Chingerezi anapeza 7. Pa MSCE 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa. Satifiketi anaipata, koma mwayi wofunsira malo ku yunivesite unatsekeka chifukwa cha phunziro limene mudzi wonse unkati ndi lake. Amayi ake sanamvetse. Anafunsa kangapo ngati mwina pepala lake linasinthanitsidwa ndi la munthu wina.

Amayiwo anagulitsa kachewere amene anasungira mbewu kuti alipire fizi, ndipo mnyamatayo anakalembetsa kubwereza Fomu 4 m'makalasi a masana pa sukulu yomweyo, pamodzi ndi ana amene kale ankamuwombera m'manja ali Fomu 3. Sabata yoyamba anapita yekha kwa madamu aja. Iwo sanamukumbutse za kale. Anamuuza kuti sabata iliyonse aziwerenga nkhani imodzi ya m'nyuzipepala za aphunzitsi mpaka kumapeto, n'kuilemba m'mawu ake. Ntchito yoyamba inali kulembanso nkhani ya mlatho ija, m'ziganizo zazifupi, n'kuibweretsa Lolemba.